Kuchotsa mpweya m'mabuleki a Morris Minor 1000 ya 1965

8 Febuluwale: momwe mabuleki alili

Injini ikulira bwino tsopano, koma galimotoyi siingapite pamsewu chifukwa pedulo ya buleki ikutsika mpaka pansi osagwira kanthu. Yakhala itaima zaka zingapo, ndipo palibe amene akudziwa kuti mafuta a mabuleki anasinthidwa liti komaliza.

Mawilo onse anayi ndi a madilamu, a mainchesi 8 kutsogolo ndi a mainchesi 7 kumbuyo, ndipo zida zake ndi za Lockheed. Njira ya mafuta ndi imodzi yokha. Master cylinder imodzi ndiyo imakankhira mafuta ku mawilo onse, choncho paipi imodzi ikabooka mabuleki onse atha nthawi yomweyo, wangotsala ndi handibuleki. Ndi chifukwa chake pa ntchitoyi sindikufuna zongozembera.

Amene munazolowera kutsegula boneti n'kuona kabotolo ka pulasitiki ka mafuta a mabuleki, pa Minor simukapeza. Master cylinder anaibisa pansi, m'kati mwa chitsulo cha chassis mbali ya dalaivala, ndipo chivundikiro chake mumachiona mukakweza kapeti kumapazi. Pamenepo ndi pomwe pamagwera dothi lonse la kunsapato. Ndinayamba ndasesa ndi burashi, kupukuta ndi sanza yonyowa, kenako n'kutsegula. Mafuta anali ochepa, akuda bii, pansi pali matope.

Ndisanagule ena ndinafuna kudziwa mtundu wa amene alimo. Ndinatunga pang'ono n'kudonthezera m'kapu ya madzi. Anasakanikirana ndi madziwo, kusonyeza kuti ndi a glycol, gulu la DOT 3 ndi DOT 4. Akanakhala a silicone, omwe ndi DOT 5, akanayandama paokha. Mitundu iwiriyi siisakanizidwa. Ndasankha DOT 4, amene akakhala atsopano sawira asanafike madigiri a Celsius 230, pomwe malire a DOT 3 ndi 205. Koma onsewa amayamwa chinyezi, ndipo DOT 4 yomwe yamwa madzi malire ake amatsika kufika 155. Madzi omwewo ndi amene amadya m'kati mwa masilinda, tizida ta m'mawilo tomwe mafutawo amakankha kuti buleki igwire, galimoto ikangokhala.

Zomwe ndasonkhanitsa: lita imodzi ya DOT 4 m'mabotolo ang'onoang'ono osatsegula, kapaipi ka pulasitiki koonekera m'kati kothina bwino pa nipulo (kabawuti kobooka ka pa wilo kotulutsira mpweya), botolo lagalasi loyera, jeke, zitsulo zinayi zokhazikapo galimoto, mafuta ofewetsa dzimbiri, ndi masipanala a mainchesi. Chidebe cha madzi chizikhala pafupi, chifukwa mafuta a glycol amasenda penti, ndipo akadonthera pathupi la galimoto mankhwala ake ndi kutsuka ndi madzi ambiri nthawi yomweyo.

9 Febuluwale: manipulo

Galimoto ndaikhazika pa zitsulo zinayi, mawilo onse ndachotsa. Pansi pa galimoto yodalira jeke yekha sindilowapo.

Dzulo madzulo ndinathira mafuta ofewetsa dzimbiri pa manipulo onse anayi. Lero ndinapala ndi burashi ya waya, ndinagogoda mutu wa nipulo iliyonse pang'ono ndi kanyundo, kenako ndinaika sipanala yozungulira ya ngodya zisanu ndi chimodzi. Yotsegula kukamwa ija imangodya ngodya za nipulo, musaiyese n'komwe. Atatu anamasuka. Ya kutsogolo kumanzere inapotokola n'kuduka molingana ndi silinda, popanda ngakhale mphamvu yambiri. Nipulo ndi yobooka m'kati, ikadyedwa ndi dzimbiri imatsala khungu lokha.

Ndinaganizapo zoboola chotsalacho ndi dirilo, koma ndinayamba ndatsegula madilamu kuti ndione ngati silindayo ikuyenera thukuta limenelo. Kutsogolo wilo lililonse lili ndi masilinda awiri olumikizidwa ndi kapaipi kakafupi, ndipo nipulo ili pa imodzi yokha. Mwa masilinda anayi akutsogolowo, awiri mapisitoni ake anali ouma gwa, osasuntha. Ina inali yonyowa ndipo ma brake shoe ake, zitsulo zokhota zomwe zimakhuza dilamu m'kati kuti wilo liime, amwa mafuta. Ma shoe amene amwa mafuta sachapika, ngakhale aoneke oyera kunja, mafutawo amatulukanso akatentha. Kumbuyo kuli silinda imodzi pa wilo, yomwe imayenera kutsetsereka m'kampata kake, ndipo yakumanja inali itamatirira.

Ndaitanitsa masilinda onse asanu ndi imodzi ndi ma shoe atsopano a mawilo onse. Kuboola nipulo kwatha pomwepo.

Za fumbi la m'madilamu: ma shoe akale ambiri anali ndi asbestos, yomwe fumbi lake ndi loopsa kulipuma. Musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa. Ine ndimalinyowetsa kaye, ndimalipukuta ndi sanza, sanzayo n'kuimanga m'jumbo.

22 Febuluwale: mapaipi

Masilinda ndi ma shoe zalowa. Pomanga masilinda akumbuyo ndinayeretsa kampata kaja mpaka silinda ikuyenda ndi chala, ndipo pa banjo, kolumikizira paipi ku silinda pomwe pamakhala nipulo yakumbuyo, ndinaika mawasha a mkuwa atsopano.

Ndisanalumikize mapaipi ku masilinda atsopanowo ndinafuna kutulutsa mafuta akale kuti matope aja asalowe m'zida zatsopano. Ndinakokera kunja zonse za mu master ndi sirinji, ndinathira atsopano, n'kupopa pang'ono. Kutsogolo anatuluka. Kumbuyo ayi, ngakhale dontho.

Minor ili ndi mapaipi a labala atatu, awiri kutsogolo ndi imodzi pakati pa thupi la galimoto ndi ekiselo yakumbuyo. Nditamasula yakumbuyoyo kumtunda kwake, mafuta anafika bwinobwino. Vuto linali m'paipimo. Kunja inkaoneka yabwino, yopanda mng'alu ngakhale umodzi. Nditaidula pakati, bowo lake linali litafufuma n'kutsekeka moti waya woonda sunalowe. Paipi yotereyi nthawi zina imalola mafuta kupita ukaponda mwamphamvu koma osawalola kubwerera, buleki n'kumangogwira wilo likutentha. Ndasintha onse atatu. Pomanga akutsogolo ndinakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri kuti ndione kuti sakupotoka kapena kukhudza tayala.

Paipi yachitsulo yoyenda pa ekiselo kupita kumanzere inali ndi dzimbiri lozama pansi pa kolumikizira. Ndinaikanda ndi mpeni, ndipo zitsulo zinkagwa zipalapala. Ndapanga ina ndi paipi ya mkuwa wosakaniza ndi nickel, ya 3/16 ya inchi, yomwe siichita dzimbiri ndipo imapindika ndi manja. Milomo yake ndaipanga yopinda kawiri. Mlomo woyamba unatuluka wopendekera chifukwa paipi siinadulidwe molunjika, ndinaudula n'kusalaza bwino ndi felo, wachiwiri unakhala bwino. Muzikumbukira kulowetsa nati musanapange mlomo.

Chenjerani ndi mazinga. Galimotoyi ndi ya mainchesi. Nati ya 3/8 UNF ndi ya mamilimita ya M10 zimafanana kwambiri m'maso, ndipo ina imalowa m'bowo la inzake maulendo angapo ngati zili bwino, kenako n'kudya mazinga kapena kufwamphuka mafuta akakankha. Ngakhale pakati pa za mainchesi zokhazokha, magalimoto akale a ku Britain ali ndi mazinga a UNF ndi a BSF omwe. Nati iliyonse yatsopano ndinaiyerekeza ndi yakale yochokera pamalo omwewo, ndipo ndinailowetsa ndi zala mpaka kumapeto ndisanagwire sipanala. Ikalimba isanafike patali, si yake.

1 Malichi: kubulida (kuchotsa mpweya) koyamba

Ntchito iyi imafuna anthu awiri, ndipo alamu anga ndi amene anakhala pampando. Chiwongolero chili kumanja, master ilinso kumanja, choncho ndinayambira wilo lakutali kwambiri, lakumbuyo kumanzere, kenako lakumbuyo kumanja, lakutsogolo kumanzere, n'kumalizira lakutsogolo kumanja.

Kapaipi ka pulasitiki kali pa nipulo, mbali inayo yamira m'mafuta oyera pang'ono m'botolo lagalasi. Tinagwirizana mawu tisanayambe, chifukwa munthu ali pansi pa galimoto samuona mnzake.

"Alamu, pondani pang'onopang'ono."

"Ndaponda."

Ndimatsegula nipulo pang'ono, mafuta ndi thovu zimatuluka, pedulo imatsika.

"Yafika pansi."

"Gwirani pomwepo, musasiye." Ndimatseka. "Siyani tsopano."

Akasiya nipulo isanatsekedwe, mpweya umabwerera. Akasiya, timadikira kamphindi kuti master idzazenso tisanabwereze. Pansi pa pedulo ndinaika kathabwa kuti isafike kumapeto kwenikweni. Pa master yakale, pisitoni imakhala ikuyenda pamalo amodzimodzi zaka zonsezo, ndipo kutsogolo komwe siifikako kumakhala dzimbiri. Ukaikankhira kumeneko labala wake amang'ambika.

Chosungira mafuta cha master imeneyi ndi chaching'ono. Alamu ankayang'ana kumapazi kwawo n'kumathira pafupipafupi. Chikauma kamodzi kokha, mpweya walowa kumtunda ndipo mwayambiranso wilo loyamba. Mafuta otuluka m'botolo lagalasi sabwezeredwamo, ngakhale aoneke oyera.

Titazungulira mawilo onse thovu linachepa, pedulo inakwera. Ndinakhala pampando n'kuponda mwamphamvu, inagwira. Ndinachepetsa mphamvu n'kungotsamiritsa phazi, ndipo inayamba kutsika yokha pang'onopang'ono mpaka pa kathabwa kaja. Ndinayang'ana polumikizira ponse ndi tochi, pouma. Mafuta mu master sanachepe.

Pedulo yotsika mwakachetechete chonchi popanda kudontha kulikonse si mpweya. Mafuta akudutsa m'mbali mwa labala wa pisitoni m'kati mwa master n'kubwerera m'chosungira chake. Ngakhale titapopa mpaka usiku sizikanasintha. Tinasiyira pomwepo. Pafupifupi theka la lita lapita.

8 Malichi: kuchotsa master cylinder

Iyi ndiyo ntchito yowawa pa Minor. Master imagwidwa ndi mabawuti awiri odutsa m'chitsulo cha chassis, ndipo torsion bar, chitsulo chachitali chomwe chimagwira ntchito ya sipuling'i yakutsogolo, chimadutsa pomwe mabawutiwo amayenera kutulukira. Njira ya m'buku ndi kuchotsa torsion bar. Ine ndinachita zomwe eni ma Minor ambiri amachita, ndinaikankhira pansi pang'ono ndi chitsulo chopanira, nditaika kathabwa pakati kuti ndisaikande, mpaka mitu ya mabawuti inadutsa. Imafuna mphamvu, ndipo zala zisakhale pakati. Torsion bar ikakandika mozama imatha kudzathyokera pomwepo, choncho kathabwako si kokongoletsa.

M'kati mwa chitsulo cha chassis munali matope osakanikirana ndi mafuta akale, penti yonse itasendeka. Ndinatsuka, ndinaumitsa, ndinapaka penti yoletsa dzimbiri.

Nditaphwasula master n'kuunika ndi tochi, pansi pa bowo la pisitoni panali timaenje ta dzimbiri totsatizana, pomwe madzi ankakhala. Chikhadabo chinkakola. Panali njira zitatu. Malabala atsopano okha ndiwo otsika mtengo, koma pa bowo lotereli amagwira masabata ochepa n'kudyekanso. Kukaliboola n'kuikamo chitsulo chosachita dzimbiri ndi njira yabwino kwa amene ali ndi katswiri wodalirika wa ntchito imeneyo. Ine ndagula master yatsopano ya kukula kofanana ndi yakaleyo. Pa zonse zomwe ndagula, imeneyi ndiyo yadya ndalama zambiri pa chinthu chimodzi, ndipo sindikudandaula nazo, poti mabuleki onse anayi akudalira labala mmodzi wa m'kati mwake.

Mu master ya madilamu muli kavalavu kosunga mphamvu pang'ono m'mapaipi kuti malabala a m'masilinda azikhala otambasuka. Amene amasintha n'kuika ma disc kutsogolo amakachotsa. Pa madilamu kazikhala momwemo.

Ndisanaimange ndinaipana pa vaisi, ndinathira mafuta, ndinakankha pisitoni pang'onopang'ono ndi kamtengo kosalala, chala chili potulukira pobwerera, mpaka mafuta anayamba kutuluka opanda thovu. Kenako ndinatseka potulukirapo n'kupita nayo pansi pa galimoto. Nditamanga ndinaonetsetsa kuti mabawuti sakukhudza torsion bar.

Chomaliza, pedulo iyenera kuyenda yokha mamilimita 19, omwe ndi 3/4 ya inchi, isanayambe kukankha pisitoni. Mpata umenewu ukasowa, pisitoni siibwerera mokwanira, imatseka kabowo kobwezera mafuta m'chosungira, ndipo mabuleki amayamba kudzigwira okha akatentha. Ndinaukonza pa kachitsulo kokankhira pisitoni n'kuyeza ndi rula, pokankha pedulo ndi dzanja osati phazi, kuti ndimve pomwe yakhudza.

15 Malichi: thovu latha, pedulo idakali pansi

Tinabulidanso mawilo onse motsatira dongosolo lomwe lija. Ndi master yatsopano kathabwa sikanafunikenso. Mafuta ankatuluka oyera mbee pa nipulo iliyonse, opanda thovu. Koma pedulo inkatsika kupitirira theka isanagwire. Ukaponda kachiwiri mofulumira inkakwera n'kulimba. Ukadikira pang'ono n'kupondanso, yabwerera pansi.

Alamu anati tizungulirenso, mwina mpweya wabisala penapake. Apa ndi pomwe mafuta ambiri amatayikira pachabe, munthu amangopopa botolo ndi botolo akuganiza kuti ndi mpweya. Ndinawapempha kuti tiyambe tamvetsera zomwe peduloyo ikuchita. Ikatsika patali, ikafika pogwira imagwira bwanji? Ndinaponda. Inkalimba ndithu pansipo, kufewa kunali kochepa. Mpweya sumatero. Mpweya ukakhalamo pedulo imakhala yofewa ngati waponda mpira wosapopa bwino, ulendo wonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo siipeza polimba penipeni. Pedulo yoyenda mtunda wautali kenako n'kulimba ikunena kuti ma shoe ali kutali ndi madilamu. Kuponda koyamba kumangotha ndi kuwasendeza, kwachiwiri kumawapeza asanabwerere.

Mabuleki a Minor sadzisendeza okha. Ali ndi tosinthira totchedwa Micram, tokhala pakati pa pisitoni ndi shoe, tiwiri pa wilo lililonse lakutsogolo ndi kamodzi pa lakumbuyo. Pomanga ma shoe atsopano timayenera kubwezedwa mpaka kumapeto kuti dilamu lilowe, ndipo tinali tidakali pafupi ndi pamenepo. Pa dilamu pali bowo. Umazungulitsa dilamu mpaka bowolo lilunjike pa kosinthirako, umalowetsa sikuludiraiva, umapotoza kumanja mpaka dilamu litakana kuzungulira, kenako umabweza dzino limodzi. Ndikamaliza wilo, alamu ankaponda mwamphamvu kuti ma shoe akhale pakati, ine n'kuyesanso. Pa mawilo ena dzino linanso linalowa pambuyo pa kupondako. Kumbuyo ndinayamba ndamasula zingwe za handibuleki kuti zisakoke ma shoe, ndinasintha Micram, kenako n'kumangitsanso zingwezo. Ukayamba ndi zingwe, pisitoni yakumbuyo imatsala ndi mpata ngakhale handibuleki ikugwira bwino.

Pedulo inakwera kwambiri popanda kutsegula nipulo ngakhale imodzi. Amene mukuyamba kumene ntchitoyi pa galimoto ya madilamu, sinthani ma shoe kaye musanathire mafuta.

Kufewa kochepa kuja kunatsalabe. Kuti ndidziwe komwe kuli ndinagwiritsa ntchito zopanira mapaipi a labala, zija za milomo yobulungira. Pulaya ya mano imaononga paipi m'kati, ndipo mapaipi okutidwa ndi waya sapanidwa n'komwe. Nditapana onse atatu, pedulo inalimba gwa pamwamba penipeni. Pamenepo ndinadziwa kuti master ndi mapaipi achitsulo mulibe mpweya. Ndinamasula yakumbuyo, pedulo inatsika pang'ono koma yolimbabe. Ndinamasula yakutsogolo kumanzere, chimodzimodzi. Nditamasula yakutsogolo kumanja, kufewa kunabwerera. M'malo mwa mawilo anayi, ndatsala ndi limodzi.

16 Malichi: wilo lakutsogolo kumanja

Masilinda awiri, nipulo imodzi. Mafuta amalowa mu silinda yoyamba, amadutsa m'kapaipi kaja, n'kufika mu yachiwiri. Ukamaponda pang'onopang'ono amatha kudutsa pansi pa kathovu komwe kakhala pamwamba m'silinda, n'kumatuluka oyera pa nipulo kathovuko kali phee.

Ndinamangitsa ma Micram onse awiri mpaka dilamu linagwira zolimba. Zikatero mapisitoni sangatuluke, malo a m'kati mwa masilinda amachepa, ndipo mpweya umasowa pobisala. Ndinagogoda masilinda onse awiri kumbuyo ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Kenako ndinasintha kapondedwe.

"Alamu, ulendo uno pondani mwamphamvu nipulo ili yotseka. Ndikatsegula, itsatireni msanga."

Mafuta anatuluka mwaliwiro, ndipo ulendo wachiwiri kunatuluka thovu lalikulu limodzi ndi ting'onoting'ono totsatira. Tinapitiriza mpaka anayera.

Panali chinanso chosokoneza. Nthawi zina m'kapaipi ka pulasitiki munkaoneka mzere wa timathovu tating'ono kwambiri tosatha. Timeneti sitinkachokera m'mabuleki. Nipulo ikatsegulidwa kwambiri, mpweya wakunja umalowera m'mazinga ake n'kutuluka limodzi ndi mafuta. Nditangotsegula pang'ono, osapitirira kota ya kuzungulira, ndi kupaka girizi wa mabuleki kunja mozungulira mazinga, tinasiya. Girizi wamba, oyilo wa injini, petulo ndi palafini zisayandikire malabala a mabuleki, zimawafufumitsa.

Ndinabweza ma Micram dzino limodzi limodzi. Pedulo tsopano ndi yolimba, ikugwira isanafike theka, ndipo kuponda kachiwiri sikukuikweza.

Madzulo ndinapukuta polumikizira ponse mpaka pouma, ndinaika thabwa pakati pa mpando ndi pedulo kuti ikhale yopondedwa usiku wonse, ndipo pansi pa polumikizira paliponse ndinayala pepala loyera.

17 Malichi: kadontho pa banjo

M'mawa mapepala onse anali ouma kupatula la kumbuyo kumanja, pomwe panali kabanga kakang'ono. Pansi pa banjo panali ponyowa. Nditamasula ndinapeza kuti washa imodzi ya mkuwa inali ndi mzere wokandika kudutsa pankhope pake, mwina inabwera choncho m'paketi. Kumangitsa kwambiri sikukanathandiza, kukanangoononga mazinga a silinda yatsopano. Ndinapana paipi ya labala yakumbuyo kuti mafuta asathe, ndinaika washa ina, ndinabulida mawilo awiri akumbuyo okha. Ndinabwezera thabwa lija kwa maola angapo, pepala linakhala louma.

Mafuta mu master ndawasiya mamilimita 13 pansi pa khosi lothirira. Kabowo kopumira ka pa chivundikiro kanali kotsekeka ndi dothi, ndakatsegula ndi kawaya. Manipulo onse ndawaveka tizipewa tawo ta labala. Magetsi a mabuleki amayatsidwa ndi swichi yoyendera mphamvu ya mafuta omwewa, ndipo akuyaka ndikangoponda pang'ono.

22 Malichi: pamsewu

Ndinayamba pamalo athyathyathya opanda magalimoto ena, pa liwiro la munthu woyenda pansi, dzanja lili pa handibuleki. Inaima. Ndinawonjezera liwiro pang'onopang'ono. Poyamba inkakokera kumanzere pang'ono, ndipo mabuleki sankaluma kwenikweni ngakhale pedulo inali yolimba. Ma shoe atsopano sakhudza dilamu ndi nkhope yonse, amayamba akhudza nsonga zokha mpaka atadyeka molingana. Ndinaima mobwerezabwereza ndi mphamvu yapakatikati, ndikusiya mpata pakati kuti madilamu azizire. Kukokako kunachepa.

Nditabwerera ndinayandikiza dzanja pa wilo lililonse. Akutsogolo anali ofunda mofanana, akumbuyo ofunda pang'ono, palibe lotentha kuposa linzake. Atazizira ndinaikweza n'kuyesanso ma Micram. Kutsogolo kumanja kamodzi kanalowa dzino lina, ndipo kukokera kumanzere kuja kunatha. Pansi pa galimoto ndi pouma, mafuta mu master ali pomwe ndinawasiya.

Zomwe zalowa pa ntchitoyi: master cylinder imodzi, masilinda asanu ndi imodzi, ma shoe a mawilo anayi, mapaipi a labala atatu, paipi ya mkuwa ndi nickel pafupifupi mita imodzi ndi manati ake, mawasha a mkuwa, ndi DOT 4 lita imodzi ndi theka, poti yoyamba ija siinakwane. Ndalama zambiri zapita pa master ndi masilinda. Mafuta ndi mapaipi ndi gawo laling'ono. Theka la lita lomwe linapita pa 1 Malichi likanapulumuka master ikanatsegulidwa tsiku lomwe ndinaona matope aja pansi pake. Mafuta akale ali m'chigubu chotseka, akudikira kupita kotayira oyilo wakale, sathiridwa pansi kapena m'ngalande. Botolo lomwe latsala lotsegula sindilisunga kuti ndidzathire chaka chamawa.

Chatsala ndi kuyesanso ma Micram ikayenda makilomita mazana angapo, ma shoe akakhazikika. Paipi yachitsulo yochokera pa master kupita kutsogolo ilibe dzimbiri lozama, koma ndi ya msinkhu umodzi ndi ija ndinataya, choncho ndidzaisintha posintha mafuta. Tsiku la lero ndalilemba pa kakhadi komwe ndamangirira pansi pa kapeti pafupi ndi chivundikiro cha master, ndipo mafutawa adzatuluka zikakwana zaka ziwiri, kaya galimoto yayenda kaya yangokhala.